Kasensa kamene kanaphunzira dothi la ku Nsanje

Ku Machinjiri kuli anthu ena osowa chochita amene mpaka lero amanena kuti a Venansio anapha mbande za a Mwantumu chifukwa cha umbuli. Amenewo atseke pakamwa. Mbuli siingakonze wailesi imene yagwera m'ndowa ya madzi mpaka kuyambanso kulankhula, ndipo a Venansio anakonza mawailesi otero mumsika wa Ndirande kwa zaka zambirimbiri popanda wowaphunzitsa. Chimene chinawapusitsa bambo amenewa ndi chikondi basi.

A Venansio kwawo ndi ku Nsanje. Anabwera m'tauni ali mnyamata, n'kuyamba ulonda pa sitolo ina ku Limbe, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kutsegula mawailesi akufa kuti aone chimene chimalankhula m'katimo. Ulonda atautaya anapeza kabenchi ku Ndirande. Mafoni atabwera sanachite nawo mantha, anawatsegulanso. Koma maso atayamba kuchita nkhungu pa tizitsulo ting'onoting'ono, anasamukira ku Machinjiri ndi akazi awo a Petronela, n'kubwerera ku khasu. Malo a dimba m'mbali mwa kamtsinje anawagawira ndi a Mwantumu, mayi wachisilamu wochokera ku Mbayani, amene m'mawa amaphika masikono, masana n'kumalimbana ndi tomato. Sanali pachibale, sapemphera kumodzi, koma mayiyo anangoloza ndi mpini kuti kuyambira pa nthochi apo mpaka pa mwala uwo limani, achimwene. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wonyoza a Mwantumu amakumana ndi pakamwa pa a Venansio, ndipo pakamwa pamenepo si pocheza napo.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali diramu yovundikira ndi lata, mwala pamwamba. Munali dothi. Chaka chimene madzi osefukira anakokolola mudzi wa kwawo, a Venansio anapita kukaona zotsala. Nyumba kunalibe, ndipo munda wa malemu mayi awo unangotsala kachigawo. Pamenepo anadzaza matumba ndi makande akuda bii, n'kukwera nawo basi. Kondakitala atalephera kukweza thumba loyamba anafunsa ngati muli injini ya chigayo. Dothi limenelo linafika ku Machinjiri, linalowa m'diramu, ndipo silinabzalidwemo kanthu. Ankangolitsegula Lamlungu akachoka ku Misa, kulinunkhiza, kulivundikiranso. Mlendo aliyense ankauzidwa kuti la kuno si dothi koma njerwa zosweka, kuti ku Nsanje ukaiwala mpini m'munda umakaupeza utaphuka masamba. A Petronela ankaifuna diramuyo kuti azisungiramo madzi mipopi ikauma, koma nkhani imeneyo inkathera pa khomo.

Tsono kunabwera bungwe lina lothandiza alimi a m'madimba, ndi mlangizi wake dzina lake Joan, mtsikana wa njinga yamoto yofiira. Vuto la kalabu ya alimi a kumeneko linali chitsime. Chikafika chilimwe chimatsika, ndipo anthu opemphera bwinobwino amayamba kutukwanizana chifukwa cha kheni imodzi ya madzi. Joan anabweretsa masensa oyezera chinyezi m'nthaka: kachitsulo kotalika ngati mpeni wa patebulo kamene umakazika m'bedi, waya, ndi kabokosi ka sola kokhala ndi tinyali tiwiri. Kofiira kakayaka, thirira. Kobiriwira kakayaka, siya, madzi akwana. Anafotokoza kuti kasensa kamabwera kosadziwa kanthu, kamafunika kukaphunzitsa. Ukazike m'dothi louma gwa, udine batani. Kenako ukazike m'dothi limene lamwa madzi mpaka kukhuta n'kusiya kudontha, udinenso. Pamenepo kadziwa pamene pali ludzu ndi pamene pali kukhuta.

A Venansio anaimirira n'kunena kuti kumeneko ndi kutchuna basi, ngati wailesi, ndipo kalabu yonse inagwirizana kuti ntchitoyo ikhale yawo. Koma Joan ananenanso chinthu china, chakuti kasensa kalikonse katchunidwe m'dothi la pa bedi pamene kakakhale. Ananena momveka, palibe angamunamizire. Kungoti pa nthawi imeneyo a Venansio anali atatembenukira kumbuyo, akukangana ndi a Nikolasi, mlimi wa anyezi, pa nkhani ya penate ya pa mpira wa dzulo lake.

Anafika nawo kunyumba masensawo, n'kukhala pansi kuganiza. Mwana ukafuna adziwe zinthu umamupereka kwa mphunzitsi wabwino. Nanga makina atsopano chonchi aphunzire pa njerwa zosweka, dothi lenileni lili kuseri kwa nyumba? Anachotsa mwala, anachotsa lata. Makande ena anawayanika padzuwa mpaka kung'aluka, ena anawanyowetsa m'beseni, ndipo masensa onse a kalabu anaphunzira ludzu ndi kukhuta kwa ku Nsanje. Ntchitoyo anaigwira mwaukhondo, osathamanga, akuimba nyimbo za kwaya. Dothi lonse analibwezera m'diramu, ngakhale kachidutswa.

A Mwantumu poyamba anakana. Anati dzanja lawo lakhala likuwauza za chinyezi kuyambira kale, silinafunepo sola. Komanso pa nazale pawo panali mbande za tomato zimene ankadalira kuti akaziwokera msanga zidzapse nthawi ya mvula, pamene tomato amasowa mumsika ndipo ogula amachita kukutsata kudimba. Chaka chawo chonse chinali pa kabedi kameneko. A Venansio anawakakamira m'mawa, anawakakamiranso madzulo.

"A Mwantumu, mbande imodzi ikafa chifukwa cha kanthu aka, mubwere mudzandigwire pakhosi."

"Khosi lanu ndikalitani, achimwene? Limabereka tomato?"

Koma anavomera, chifukwa anali a Venansio.

Kasensa katangozikidwa, kanyali kofiira kanayaka. A Mwantumu anathirira. Masana kanali kofiirabe, anathiriranso. Mawa lake chimodzimodzi. M'madimba ena onse munalinso mofiira psu, koma anthu enawo akaona nyali ikuti thirira pamene dothi likumata kuphazi, ankangoiyang'ana n'kupitiriza zawo. A Nikolasi anafika poyanika masokosi pa kabokosi kawo. Amene anamvera ndi mtima wonse anali a Mwantumu okha, popeza anapatsidwa mawu ndi munthu amene sanawanamizepo. Msana unayamba kuwawa ndi makheni. Atadandaula kuti pa nazale pakuoneka ponyowa kale, a Venansio anawayankha kuti dzanja limaona pamwamba, makina amaona pansi, ndipo anawathandiza kutunga, akutukwana aliyense wofunsa chifukwa chimene anthu awiri akumalizira chitsime.

Kenako mbande zinayamba kugwa. Zinkaonda m'tsinde, pamene pakumana mbande ndi dothi, kuda, n'kugona pansi ngati zaledzera. M'mawa wina a Venansio akumwa tiyi pakhonde anaona a Mwantumu akukwera mtunda, chitenje chomangira m'chiuno, dzanja limodzi lofumbata. Sanapereke moni. Anaima patsogolo pawo, n'kufinya chimene chinali m'dzanjamo pamwamba pa nsapato ya a Venansio. Madzi anachucha ngati akufinya chovala.

"Limeneli ndakumba pansi, achimwene, kumene amaona makina anu. Khosi lija lili kuti?"

Munthu amene amatha kukangana ndi minibasi yonse kuchokera ku Machinjiri mpaka ku Limbe anangoika kapu pansi n'kudzuka. Tiyi anazizira m'kapu. Anatsika nawo kudimba, anaona mbande zogona, ndipo kanyali kanali kofiirabe, kopanda manyazi. Anakagogoda, anapukuta kasola, anayang'ana waya, zonse zinali bwino. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti mayiyo sanakalipenso, anangokhala pa mwala uja wa malire n'kumayang'ana nazale yawo. Pamenepo a Venansio anachita chinthu chimene sachita kawirikawiri, anaimbira foni munthu wina kuti awathandize.

Joan anafika dzuwa lisanakwere kwenikweni. Anayesa kasensako ndipo anapeza kuti n'kabwinobwino. Anafunsa ngati anayanika dothi mpaka kuuma, anati eya. Ngati lonyowa linasiya kudontha asanadine, anati eya, iwo si mwana. Atafunsa kuti dothilo analitapa mbali iti ya bedi, a Venansio anayamba kufotokoza za mphunzitsi wabwino. A Petronela, amene anali atabwera ndi mpando wa mlendo, anauika pansi mpandowo n'kukhalapo okha, akuseka chikhakhali.

"Mwanawe, makina ako onse ndi Asena tsopano. Anabatizidwira m'diramu kuseri kwa nyumba."

Joan anapita kukaliona dothilo, analifinya, ndipo ananena kuti ndi dothi labwino zedi, zimene zinawabwezera a Venansio kamoyo pang'ono. Kenako anafotokoza kuti makande amamwa madzi ambiri n'kuwasunga, pamene dothi la m'mbali mwa kamtsinje ndi lamchenga, limakhuta ndi pang'ono, otsalawo limataya. Kasensa kanaphunzira kuti kukhuta ndi kwa makande, tsono pa mchenga kankadikira madzi amene mchenga sungawasunge ngakhale mutathira chitsime chonse. A Venansio anamva msanga, paja ndi munthu wa mawailesi. Anati ndiye kuti anatchuna siteshoni ya ku Nsanje n'kumadabwa kuti ku Machinjiri ikungolira phokoso.

Tsono kasensa kanafunika kukatchunanso m'dothi la pa nazale. Kuyanika dothi lonyowa chonchija padzuwa kukanachedwa, ndipo mbande zotsala sizikanadikira. A Mwantumu anadzuka pa mwala paja n'kunena kuti uvuni wawo ukadali wotentha ndi masikono a m'mawa. Anatapa dothi la pa nazale pomwepo, kuchokera pansi pamene pamafika mizu, analiyala pa thireyi yakale, n'kulilowetsa mu uvuni. A Venansio anakhala pambali akulitembenuza ndi supuni ngati akukazinga mtedza. Bambo wina wodutsa, atamva fungo, anafunsa ngati mayi ayamba kugulitsa dothi lowotcha, chifukwa akazi ake ndi oyembekezera ndipo akulifuna koopsa. A Venansio anamuthamangitsa mpaka pa msewu, akumuuza kuti limeneli ndi dothi la sayansi. Pobwera anapeza a Mwantumu akuseka koyamba tsiku limenelo.

Dothi litazizira, anazikamo kasensa n'kudina. Lina analithira m'chitini choboola pansi, kulitsendera mofanana ndi mmene lilili pa bedi, kulimwetsa madzi mpaka kusefukira, n'kulisiya kuti lidonthe mpaka mawa lake. Litasiya kudontha anazikamo n'kudinanso. Kenako onse anatsikira ku nazale, ndipo a Venansio anazika kachitsuloko pa bedi. Kanyali kobiriwira kanayaka nthawi yomweyo, ndipo kanakhala kobiriwira masiku angapo popanda wothira dontho. Sabata imeneyo anazungulira madimba onse a kalabu, aliyense ndi dothi lake, a Nikolasi atachotsa kaye masokosi. Ndipo chilimwe chimenecho pa chitsime panachepa mawu oipa.

Koma mbande pafupifupi theka zinali zitapita, ndipo kanyali sikadzutsa zakufa. Pa nazale paja sipakanafesedwanso msanga chifukwa matenda owoletsa anali akadali m'dothimo. A Mwantumu anati basi, awokera zimene zatsala, Mulungu ndiye amadziwa. A Venansio anapita kunyumba, anaima nthawi yaitali kuseri, kenako anatuma uthenga kwa a Habibu okhoma zidebe kuti abwere ndi zida zawo. Dothi analikhuthulira pa matumba, ndipo diramu ija inadulidwa pakati m'litali, n'kukhala ngati mabwato awiri oboola pansi. A Petronela anati zaka zonsezi akhala akupempha diramu ya madzi, lero aipeza ili pawiri ndiponso yodontha.

Mabwato awiriwo anaikidwa pa malire, pakati pa nthochi ndi mwala. Makande a mayi awo anabwereramo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Nsanje anafesedwamo mbewu, tomato wa a Mwantumu. Kasensa kamodzi a Venansio anali atakasiya osakatchunanso, ndipo m'menemo kanali pakwawo, kankanena zoona zokhazokha. Mbande zinatuluka zonenepa, zobiriwira, zoti a Nikolasi anabwera kudzaziona kawiri ngati sakufuna. Pa tsiku lowokera, mbande iliyonse inanyamulidwa ndi kabuma kake kakuda kumizu, moti dothi la m'diramu lonse linathera m'mizere ya a Mwantumu, pang'onopang'ono, phando ndi phando.

Tomatoyo anachedwerapo, koma anapsa mvula ikadagwa, ndipo amayi a mumsika anatsika okha kudimba ndi madengu. Lero a Venansio akachoka ku Misa sapitanso kuseri kwa nyumba. Amatsikira kudimba ndi jekete lawo lomwelo, n'kumayendayenda m'mizere ya eni ake, akuuza aliyense wodutsa kuti tomato uyu mizu yake ili ku Nsanje. A Mwantumu amawasiya alankhule, kenako amawapatsa kheni n'kuwalozera kumene kwayaka kofiira.