Galimoto Yadzuka

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, akalambira m'galaja. Anthu amawatchula kuti a Khutu, chifukwa galimoto ikangodutsa pamsewu amakuuza chomwe ikudwala osadzutsa n'komwe mutu. Ine ndimagulitsa matayala khomo loyandikana nawo, ndiye madandaulo awo ndimawalandira akadali otentha.

Ntchito yomwe amaidziwa kuposa zonse ndi yosaoneka. Pali injini zina zopuma pawiri: ikamayenda pang'onopang'ono mavavu olowetsa mpweya amatseguka pang'ono, ikakwiya amatseguka kwambiri. Makaniko ndiye amasankha pakompyuta pomwe injiniyo izisinthira kapumidwe. Ukachedwetsa, imayamba yabanika, kenako n'kudzidzimuka, mpando n'kukumenya pamsana. Anyamata amafera zimenezo. Amati galimoto yadzuka.

"Sikudzuka kumeneko," alamu amatero, akupukuta manja pansanza yakuda kale. "Ndi munthu amene unamutseka pakamwa, ndiye wamusiya. Ukatchera bwino, pamsana sumva kanthu. Imangopita."

Tsoka lawo lili pomwepo. Amaswera akukwera ndi kutsika chitunda cha kuseri kwa galaja, kompyuta ili pampando, kusuntha pang'ono, kuyesanso, mpaka msana kuuma gwa. Mwini galimoto akabwera amaizungulitsa kamodzi n'kubwerera nkhope itagwa. "Bambo, mwaigwiradi? Sindikumvatu kusintha." Kufotokoza anatopa nako kalekale. Masiku ano amangopereka makiyi.

Chaka chatha mwana wawo wachisamba, bambo wandevu zake, anagula galimoto ya mtundu womwewo. Alamu anasangalala ngati awabweretsera mdzukulu.

"Uyu yekha ndiye adzamvetsa," anandiuza. "Wakulira mu oyilo ameneyu."

Anaigwira masiku angapo, eni magalimoto ena akung'ung'udza panja. Itatha anandikweza. Kunena zoona ine sindinamve chilichonse, koma iwo ankangomwetulira okha pachiwongolero. Ndinali nditaiwala kuti alamu ali ndi mano. Mwana anabwera, anathokoza mwaulemu, n'kunyamuka nayo.

Tsiku lina masana tikumwa tiyi pabenchi, kumunsi kwa msewu kunamveka galimoto ikukwera chitunda. Inalira, inabanika, kenako n'kukuwa mwadzidzidzi. Kwa ine inali galimoto ngati ina iliyonse. Alamu kapu inawaimira m'malere.

"Ndi ya mwana wanga iyo," anatero. "Wakaipereka kwa makaniko wina."

"Aa, alamu, makutu akalamba awa. Mwayamba kumva za m'mutu."

Ndinanena dala kuti tiseke, koma sanaseke. Galimoto ija inakhota n'kudzaima patsogolo pathu penipeni. Mwana anatsika nkhope ili ngwee.

"Ababa, mwaimva? Zija munatchera zija zangoyamba kugwira tsopano! Anzanga onse akufunsa kuti makaniko wako ndani."

Ndinamva chisoni, ndipo sindinadziwe kuti ndimvere ndani. Mwanayo ankanama kuti asawapweteke mtima bambo ake. Anangoiwala kuti akunamiza a Khutu.

Alamu anamuyang'ana osakwiya, kutopa kokhakokha.

"Ndaimva, mwana wanga," anatero. "Akakufunsanso, uwauze dzina la amene waigwirayo. Langa ulisiye."

Anakhuthulira tiyi wotsala pansi, natola sipanala, n'kulowa m'galaja.