Pepala Lopanda Mayina

Chaka chimene anapachika timabokosi ta waifai pasukulu, pachipatala ndi pamsika, ndinali m'komiti ya amayi a pasukulu yathu, kufupi ndi Chiringa. Ndimathokoza Mulungu, chifukwa ndinayamba kumuona nkhope mwana wanga wa ku Joni tikamalankhula.

Tsiku lina kumsonkhano wathu kunabwera mtsikana wa kuofesi ya waifaiyo, wochokera boma lina. Anatenga pepala la mafoni olowa pa waifai loti amate pabolodi, anthu aone kuti waifai ikugwira ntchito.

"Musade nkhawa amayi, mayina tachotsa," anatero. "Foni iliyonse tangoipatsa nambala."

Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma kufunsa sindinaleke. Kabokosi kopanda maso kamadziwa bwanji kuti pafika munthu? Iye anati foni imene inalowapo kale ikangoyandikira imapereka moni yokha, ngakhale ili m'thumba.

"Ndiye ili ndi ulemu kuposa ana athu!" anatero mayi wina, tonse n'kufa nazo.

Tinaunjikana papepalapo, ine ndikutsata mizere ndi chala. Pa nambala iliyonse analemba malo ndi masiku.

"Awa ndi aphunzitsi a masamu aja," anakuwa mayi yemwe uja. "Lachisanu pasukulu palibe, ali kumsika!"

Tikuseka choncho, chala changa chinaima. Nambala ina inkaoneka pasukulu Lolemba lokha, nthawi yophika phala la ana, kenako pachipatala Lachinayi loyamba la mwezi, tsiku lolandira mankhwala otalikitsa moyo. Lolemba amaphika amayi atatu, ndipo wa foni yogwira waifai ndi mmodzi: mlamu wanga. Anali asanauzepo munthu, ngakhale ine. Pepalalo likanamatidwa, mudzi wonse ukanadziwa dzuwa lisanalowe.

Ndinaphimba mzerewo ndi chikhatho, mumtima ndikuti Ambuye ndipatseni mawu.

"Achemwali, pepala ili musamate. Kuno munthu timamudziwa ndi mayendedwe ake."

"Komatu mulibe dzina, amayi."

"Nanga aphunzitsi aja tawatchula bwanji?"

Anayang'ana pepala, anandiyang'ana ine, n'kulipinda kanayi. Mlungu wotsatira anamata lina, longonena kuti pamalo alionse palowa mafoni angati.

Mlamu sindinamufunse. Lachinayi loyamba likafika ndimangoti ana ake abwere adzandithandize kusola nandolo. Akadzafuna kundiuza, adzandiuza ndi pakamwa pake.