Khadi Lolembedwa Dzina la Sellina

Eveles anabadwira ku Nkhulambe, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri. Monga ana onse amene anakulira madzi a chitsime cha kumunsi kwa tchalitchi, mano ake achikulire anamera ali ndi mizere yofiira ngati dzimbiri. M'mudzimo sinali nkhani. Mwana wa kumeneko akaseka pamsika wa Chiringa, ogulitsa ankangoti, "Uyu ndi wa kuphiri," n'kupitiriza kuyeza nyemba zawo.

Eveles sankadandaula nawo manowo. Sukulu anailekeza sitandade 7, n'kukwatiwa ndi Lingson, munthu wosayankhulayankhula wa kwa Nazombe, amene anadzamanga nyumba pamalo a apongozi ake monga umanenera mwambo. Anabereka ana atatu. Ankalima nandolo ndi chinangwa, ndipo Lamulungu lililonse ankaima kutsogolo kwa kwaya, kukamwa kuli yasa, osasamala kuti wina akuona chiyani.

Amene ankavutika mumtima anali mng'ono wake, Sellina. Awiriwa anasiyana zaka zisanu ndi chimodzi, koma pakamwa anali munthu mmodzi: mano awiri akutsogolo okhala ndi mzere wofiira wodutsa pakati, lakumanzere lofiira kwambiri kuposa linzake. Sellina anafika fomu 4, ndipo kusekondaleko ndi kumene anaphunzira kuseka dzanja lili pakamwa. Anayesa phulusa. Anayesa makala osinja, mchenga wa kumtsinje, mandimu osakaniza ndi soda. Tsiku lina anagula kabotolo kopanda dzina kwa munthu woyenda ndi chikwama pamsika, nkhama zake zinapsa n'kuyera ngati chinangwa chosenda, anatha sabata akungomwa phala lozizira.

"Udzatha mano iwe," anatero Eveles akumupatsa madzi amchere oti achukuche m'kamwa. "Akulakwira chiyani? Si ukutafunira omwewo?"

"Inu achemwali munakwatiwa kale," anayankha Sellina movutikira. "Ine pachithunzi cha ukwati wanga ndikufuna ndidzaseke."

Mwamuna womufunayo analipo. Dzina lake anali Shadrick, mphunzitsi wa pulayimale wochokera ku Dedza, amene boma linamutumiza kudzagwira ntchito kuderalo. Chinkhoswe chinachitika mu Januwale 2023, ukwati anaupangana wa mu Ogasiti.

Mu Malichi mvula inagwa masiku atatu osakata. M'mawa wa tsiku lachitatu phiri linayamba kulira, ndipo akuluakulu amene ankakumbukira Napolo wa kale anauza anthu kuti athawire kusukulu, kumene kunali kokwera. Eveles anabereka mwana wamng'ono kumbuyo, Lingson anagwira enawo, Sellina anagwira dzanja amayi awo. Atatsala pang'ono kufika, amayiwo anakumbukira kuti asiya mankhwala awo a BP ndi buku la kuchipatala pawindo.

"Pitirirani, ndikupezani," anatero Sellina, n'kubwerera akuthamanga, chitenje chili kumutu.

Pasanapite nthawi matope, miyala ndi mitengo zinatsika. Pamene panali mudzi panasanduka bwalo la miyala, ina yaikulu kuposa nyumba.

Masiku otsatirawo amuna ankafukula ndi makasu. Anthu amene ankapezekawo sankadziwika nkhope, zovala zinali zitachoka, ena anali ochokera kumidzi ya kumtunda. Palibe amene anamutuma Eveles. Iye anangotenga botolo la madzi n'kumatsatira ofukulawo. Akatulutsa munthu, ankagwada, kutsuka matope pakamwa, n'kukweza mlomo wam'mwamba ndi chala chachikulu.

"Uyu si wa kwathu, mano ndi oyera."

"Awa ndi akazi a a Davison. Dzino ili linabenthuka chaka chatha."

Anazindikira anthu khumi ndi mmodzi, ndipo abale awo anawaika m'manda akudziwa amene akumuika. Pakamwa pamene ankapafuna sipanapezeke. Patatha milungu itatu makasu analeka.

Banjalo linakhala miyezi ingapo pakampu, kenako abale a Lingson anawapatsa malo kwa Nazombe. Anamanga nyumba ya zipinda ziwiri, amayi aja n'kukhala nawo pomwepo. Eveles anabzala nandolo, nandoloyo anabereka bwino, moyo unkaoneka ngati wayambanso. Koma m'mawa wina akutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba, anayang'ana pakagalasi kamene Lingson ankametera ndevu, ndipo pakamwa pamene anapaona panali pa Sellina. Anatembenuza kagalasiko. Mawa lake anakaonanso pamadzi a m'ndowa.

Kenako dzanja linayamba. Mwana akanena zoseketsa, Eveles ankangozindikira kuti chikhato chake chafika kale pakamwa, zala zitapindika pang'ono monga ankachitira mng'ono wake. Iye sanachitepo zimenezo moyo wake wonse. Amayi ake ataona koyamba, anadzuka pamkeka n'kukalowa m'nyumba. Kukwaya ya kwa Nazombe anapitako kawiri n'kusiya, chifukwa akatsegula pakamwa ankamva ngati akuonetsa anthu munthu wakufa. Pamsika sankayang'ana anthu m'maso, ankawayang'ana milomo. Tsiku lina anatsatira mtsikana wina kuchokera pogulitsa tomato mpaka pokwerera njinga, kudikira kuti ayankhule. Mtsikanayo atatembenuka n'kufunsa kuti, "Mayi, mukundifuna?", mano ake anali oyera bwinobwino.

Chakumapeto kwa 2024 Shadrick anabwera pa njinga. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, nafotokoza kuti amusamutsira kwawo ku Dedza ndipo kumeneko abale amupezera munthu. Amayi aja anamuuza kuti palibe mlandu, moyo ndi wake. Ponyamuka anapempha Eveles kuti amuperekeze pang'ono, ndipo panjira anatulutsa kakhadi m'thumba la malaya.

"Alamu, ichi chinatsala m'kabati ya kusukulu. Ndinakonza zoti akayeretse mano ku Limbe, kwa dokotala weniweni, ukwati usanafike. Ndalama zonse ndinamaliza kulipira, iye sanadziwe. Ndawaimbira, akuti wachibale akhoza kupita m'malo mwake. Kuchitaya ndalephera, kupita nacho kwathu sindingathe."

Pakhadipo panali dzina la Sellina, lolembedwa ndi bolopeni yobiriwira.

Eveles analisunga m'Baibulo miyezi iwiri. Atamuuza Lingson, iye anangofunsa kuti, "Mukufuna mukayere, kapena mukufuna asiye kukuonekerani?" Lolemba lotsatira Lingson anamupezera njinga yamoto yokafika pa Chiringa, pamene Eveles anakwera minibasi ya ku Limbe.

Chipatalacho chinali pamwamba pa sitolo ina, chozizira ngati m'mphepete mwa mtsinje. Anapereka khadi n'kukhala pabenchi. Patapita kanthawi mtsikana wa pakauntala anawerenga mokweza kuti, "Sellina." Eveles anatembenukira kukhomo kuti aone amene akulowa. Dzinalo linaitanidwa kachiwiri asanadzuke.

Dokotala anali mayi wamfupi, a Wezi, Chichewa chawo chomveka kuti ndi a kumpoto. Eveles anawauza zoona, kuti mwini khadi anapita ndi madzi. A Wezi anaika bolopeni pansi, kenako anamupempha kuti atsegule pakamwa.

"Mayi, ndikuuzeni zoona tisanayambe," anatero atamaliza kuyang'ana. "Kufiira kwina kumakhala pamwamba, kwa tiyi kapena fodya, kumeneko timangopala n'kuchoka. Kwanuku kuli m'kati mwa dzino. Madzi amene munkamwa muli mwana anali ndi mchere wina wochuluka wochokera m'miyala, unalowa mano akupangika. Makala kapena mandimu sangakufike, amangodya dzino."

"Ndiye sizingatheke?"

"Zitheka, koma osati mpaka mbee. Tikhoza kupala pang'ono kwambiri pamwamba pa mano akutsogolowa, kenako n'kupaka mankhwala oyeretsa muli pampando pompano. Njira ina, timakuumbirani timapulasitiki tolingana ndi mano anu, mumakathira mankhwala kunyumba kwa milungu iwiri. Kwinanso timamata dzino lonse ndi zoyera, koma pamenepo timayamba tasema dzino labwinobwino, ine sindingakulangizeni. Muli ndi pakati? Mukuyamwitsa?"

"Ayi."

"Chabwino. Koma lero sitiyeretsa. Muli ndi dzino lobooka kumbuyoku, ndipo nkhama zikutuluka magazi. Mankhwala aja akalowa pabowo mungalire. Lero titsuka ndi kumata, mudzabwere pakatha milungu itatu."

Anabweradi. Anamugoneka pampando wopendekeka, anamuveka magalasi akuda, n'kumuika kapulasitiki kotambasula milomo kuti mano onse akhale poyera. Nkhama anazimata ndi zotetezera kuti mankhwala asazipse. Kenako a Wezi anawerama, nakweza mlomo wake wam'mwamba ndi chala chachikulu kuti aone bwino dzino lakumanzere, wothandizira wawo akuthira timadzi.

Thupi la Eveles linauma. Ankachidziwa chala chimenecho, ankawadziwa madziwo. Anagona chagada osatha kuyankhula, pakamwa pali posatsekeka, munthu atamuweramira kufuna kudziwa za mano ake. Fungo la matope aja linamufika m'mphuno momveka bwino, m'chipinda chimene munalibe ngakhale fumbi. Anaganiza kuti mwina kwinakwake, kumunsi kwa mtsinje kapena kutsidya ku Mozambique, munthu wina anagwada chomwechi pa Sellina, anaona mzere wofiirawo, osadziwa kuti ukutanthauza mudzi uti.

Misozi inatsikira m'makutu. A Wezi anaimitsa ntchito.

"Zikuwawa? Kwezani dzanja ngati zikuwawa, tichotsa."

Eveles anapukusa mutu. Dokotalayo anamuyang'ana kanthawi, anamupukuta ndi kathonje, n'kupitiriza mwakachetechete. Anapaka mankhwala katatu, ulendo uliwonse kudikira mphindi khumi ndi zisanu. Chakumapeto mano anayamba kulasa ngati wina akuwabaya ndi singano yozizira.

Atamupatsa galasi, anaona mano oyererapo ndithu, a mtundu wa mkaka wa m'kapu. Dzino lakumanja linali litayera lonse. Pa lakumanzere panatsala kamzere kotuwa, koonekera munthu akayandikira. Sipanali pakamwa pa Sellina. Sipanalinso pake.

"Masiku awiri atatu mano ayayamira, makamaka ndi zozizira," anatero a Wezi akumupatsa mankhwala otsukira. "Zimatha zokha. Zikapitirira sabata mundiimbire. Masiku awiri oyambawa musamwe tiyi kapena zakumwa zakuda. Ndipo dziwani kuti kuyeraku sikwamuyaya, pakatha chaka kapena ziwiri kumabwerera pang'ono."

Anafika kwa Nazombe dzuwa likadalipo. Ana anamuzungulira kuti aone, iye anawaonetsa, anawo anaseka n'kubalalika. Amayi ake anali pakhonde akusola nandolo. Sanadzuke.

"Bwera kuno, mwanaka. Tsegula."

Eveles anagwada n'kutsegula. Amayiwo anamugwira chibwano, anamutembenuzira kuwala, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ayera," anatero. Anamusiya n'kubwerera ku lichero lawo. Patapita kanthawi anawonjeza, osakweza mutu, "Ndinkati ndikamusowa ndimayang'ana iwe."

Eveles sanaganizepo zimenezo. Anakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kusola nawo mpaka lichero linadzaza.

Kuyayamira kunatha patatha masiku atatu, monga ananenera dokotala. Pagalasi sanamuonenso mng'ono wake, ndipo patapita miyezi anayamba kumufunafuna pomwepo, kukweza mlomo kumanzere kuti aone kamzere kotsalako. Dzanja lija silinasiye. Kukwaya anabwerera, koma amaima mzere wakumbuyo. Akazi a kwa Nazombe amene amamufunsa za mano amawauza zonse mosabisa: kuti ayambe amata obooka, kuti zimalasa, kuti za m'mabotolo a pamsika asayerekeze. Akamufunsa ngati iye anakondwa nazo, amati dokotala anagwira ntchito yake bwino.

Chaka chino walima nandolo munda wonse wa kuseri kwa nyumba, ndi mizere ingapo ya chinangwa kumalire. Amalima mpaka masana. Mitambo ikangokhala pamwamba pa phiri, amatsamiritsa khasu pamtengo, n'kupita kusukulu kukatenga ana, ngakhale nthawi yoweruka isanakwane. Aphunzitsi anazolowera, amangowatulutsa.