Bwanji Simukundikalipira?

Lachiwiri lapitali ndinaimba chitsulo cha pa esiteti nthawi isanakwane.

Inu akutali mwina simuchidziwa. Ndi chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa bulugama pafupi ndi shedi yoyezera tiyi, ndipo chikalira, othyola tiyi onse amasenza madengu n'kutuluka m'munda. Woimba wake ndi mmodzi yekha, a Mulipa, kapitawo wathu. Ine ndinatola mwala n'kuchimenya katatu dzuwa lisanafike pamutu.

A Mulipa anatulukira akuthamanga, ndodo ili m'mwamba. Ine ndinaima pomwepo, mtima ukusekerera, miyendo itakonzeka kuthawa.

Atandizindikira, ndodo ija inatsika yokha.

"Aa, ndinu a Yohane? Dzuwali likupwetekani, bambo. Kakhaleni pamthunzi."

A Yohane! Bambo! Munthu yemweyu chaka chatha anandithamangitsa kuchokera pa shedi mpaka kumtsinje chifukwa ndinamangirira mbuzi ku njinga ya a kalaliki, uku akukuwa kuti, "Iwe Kamphulupulu, ndikakugwira ndikusenda!"

Ndikuuzeni zimene zinachitika pakatipo. Mvula itangoyamba ndinadwala nthenda yotentha thupi. Anandinyamula pa machila kupita ku chipatala cha mishoni, ndipo ndinagona kumeneko miyezi itatu. Zambiri sindizikumbukira. Ndimakumbukira denga, fungo la mankhwala, ndi dzanja la amayi pachipumi panga. Akuti tsiku lina amalume anayamba kale kufunafuna matabwa a bokosi. Ndinabwerako tsitsi litathothoka, mawondo aakulu kuposa ntchafu, kabudula wa kusukulu ndikumanga ndi luzi.

Chibwerereni palibe wandikalipira. Aphunzitsi atapeza chule amene ndinamuika m'kabati ya choko, anangomutulutsira pawindo n'kundifunsa ngati ndadya. Anzanga akamasewera mpira wa nsanza, ine ndikalowa amaleka kugundana. Amayi, amene mawu awo ankamveka mpaka tsidya la dambo, anayamba kundiyankhula monong'ona ngati tili m'tchalitchi.

Kodi mukudziwa mmene zimamvekera? Zimakhala ngati uja ankamudziwa anatsala kuchipatala, ndipo wabwerayu ndi mlendo woti asamalidwe mpaka atapita.

Ife kuno kuzonda odwala timakutha. Munthu wathyola tiyi sabata yonse, msana ukuwawa, koma Lamulungu ayenda wapansi kuchokera ku Khwethemule, nthochi ziwiri m'manja, kukaona mwana wa mnzake. Ndinaziona ndekha ndipo sindidzaiwala. Chimene sitikutha ndi kuleka. Munthu wachira, ife tikumuyang'anabe ndi maso a pamaliro.

Pa mzere wathu wa nyumba pali a Sitima, amene anachira chibayo chaka chatha. Anzawo a bawo anayamba kuwalekerera kuti azipambana. Mwezi usanathe a Sitima analeka kupita pabawo. Anthu amati matenda anawafooketsa. Ine ndikuti chinawafooketsa ndi chifundo.

Sindikunena kuti ndine yemwe uja ndendende, ayi. Ndikamakwera chitunda cha ku shedi ndimapuma kawiri. M'mawa nkhungu ikakuta minda ndimapezeka ndaima ndikungoyang'ana, khalidwe limene kale ndinkaliyesa la okalamba. Mutu ukangowawa pang'ono mantha amandigwira, ndipo sindiuza munthu. Zimenezo matenda anandisiyira, ndazilandira. Koma kodi ananditengeranso dzina? Akulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Zoona, matenda anabwera mwakachetechete. Koma kuchira nako kulibe ng'oma yake, ndiye wochirayo amayenera kudziimbira yekha. Ine ndinayesa ndi chitsulo, sizinatheke.

Tsono Lachisanu, pobwera kusukulu, ndinapeza nanzikambe pa nthambi ya tiyi, wobiriwira ngati masamba omwewo. Amayi saopa njoka, saopa mzungu wa pa esiteti, koma nanzikambe amamuopa kuposa imfa. Tsikulo ankathyola tiyi chapafupi pomwepo. Atatula dengu kuti akamwe madzi, ndinamukhazika nanzikambe uja bwinobwino pamwamba pa masamba a m'dengumo n'kukanjuta kuseri kwa mzere wa tiyi.

Anabwera, nalowetsa dzanja kuti atsendere masamba aja.

Kukuwa kwawo akhwangwala anauluka. Dengu uko, chikho uko. Kenaka anandiona ndikugubuduka ndi phwete. Ndinaona nkhope yawo ikulimbana yokha: milomo inayamba kukonza kamawu ka m'tchalitchi kaja, ndipo mtima wanga unati lero ndalepheranso.

Koma anathyola kamtengo.

Amayi akakwiya zenizeni Chinyanja chimawathera, amabwerera ku Chilomwe cha makolo awo. Chinatuluka chonse, china choti sindingalembe m'nyuzipepala ino. Mawu amene ndingakuuzeni ndi awa: "Iwe Kamphulupulu! Miyezi itatu ndagona pansi chifukwa cha iwe, lero ukufuna undiphe ndi chilombo?"

Ndinaliyatsa liwiro. Sindinafike patali, mpweya unandithera pa mzere wachisanu, ndipo anandigwira khutu. Likuwawabe mpaka lero. Ali chigwirire khutulo, anandiyang'ana ndikupuma wefuwefu, anayang'ananso kumene tinachokera, nati pang'onopang'ono, "Wathamangatu iwe."

Chapatali a Mulipa anali atatsamira ndodo yawo. "Mayi," anakuwa, "mumuwonjezere kamodzi, ka chitsulo changa chija!"

Kupepesa sindinapepese, ndipo sindipepesa. Nanzikambe ndinamubwezera pa nthambi yake, alibe mlandu.

Nanga inu, kwanuko kulibe wochira amene mukumunong'onezabe? Nthochi munamupatsa, zikomo. Mudzamukalipira liti?