Tulo ta Apongozi pa Mulu wa Nsalu

Mumsewu wa kuseri kwa msika munali kashopu kopapatiza, kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa maloko. Mmenemo ndimo munkasoka Atelala, mayi wamfupi wa mawu ochepa, amene ankaiwala tepi m'khosi ngakhale popita kumaliro. Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, munthu wa mtundu wina wochokera kutali. Banja lawo linali lamtendere ndithu, ngakhale alamu awo sanaleke kunong'ona kuti mkazi wa mtundu wina sadziwa kusunga anthu.

Apongozi aakazi atamwalira, apongozi aamuna anatsala okha kwawo, miyendo itayamba kale kukana. Atelala ndiwo anauza amuna awo kuti, "Kawatengeni bambo adzakhale nafe." Anawakonzera chipinda cha kumapeto, kutali ndi phokoso la msewu. Anachipaka laimu, anasoka makatani ochindikala, anagula matiresi atsopano, nadontheza mafuta pachitseko kuti chisamalire potsegula. Kwawo kwa Atelala ulemu waukulu unali umenewo: mkulu amagona yekha, mumdima, chitseko chotseka, ana akuyenda monyang'ama.

Mkuluyo anathokoza ndi manja awiri. Koma mwezi usanathe anayamba kufota. Maso anafiira, masaya analowa, supuni inkawapulumuka m'manja. Akafunsidwa kuti adzuka bwanji, ankangoti, "Kwacha, mwana wanga." Kuchipatala anawapatsa timapiritsi ta tulo, koma tinkangowazunguza mutu. Tsiku lina anauza mwana wawo kuti, "Undikweze basi yakoyo ndibwerere kwathu." Kwawoko kunalibe ngakhale wowatungira madzi. Atelala anadziwa kuti akapita sakakhalitsa ndi moyo, ndipo alamu aja adzati, si tinanena?

Poopa kuwasiya okha masana, anayamba kupita nawo kushopu. Apa ndiye panali chowawa. Munthu amene ankachezera usiku wonse pa matiresi atsopano, akangofika kushopu ankatsetsereka pampando n'kutsamira mulu wa zidutswa za nsalu, tulo n'kuwatenga, kukamwa kuli yasa, mkonono ukupikisana ndi makina.

"Atelala," anatero wa maloko uja tsiku lina atasuzumira pakhomo, "kodi kunyumbako mumawagoneka paminga?"

"Asiyeni," anayankha wometa ali panja, akukutumula nsalu yake. "Mtundu wawowu ndi wa mkonono. Ndimawameta ine. Lumo lisanafike kukhutu, munthu wapita kale."

"Inu musanene anzanu! A kwanu si aja mumadzuka pakati pa usiku n'kuyamba kuweruza milandu ngati kwacha?"

"Ife tulo timatidula pawiri, mayi, kuti tikome. Nanga a kwanu? Kukacha aliyense akudandaula kuti chinachake chinamukhala pachifuwa. Mumadya mochedwa, basi!"

Anaseka onse, mpaka mayi amene ankayesedwa diresi anagwedezeka, phini n'kumubaya. Atelala okha sanaseke. Anaweramira makina awo, akupalasa mwaukali ngati makinawo ndiwo awanyoza.

Mwina ukali umenewo ndiwo unadula lamba wa makinawo. Anangomva kuti thapu, gudumu n'kuima. M'shopu munangoti zii. Nthawi yomweyo mkulu uja anadzidzimuka, maso ali mwazumwazu, dzanja likufufuza pambali pake ngati wotaya kanthu. Atelala analumikiza lambayo ndi kawaya, nayambanso kupalasa. Asanamalize mpendero umodzi, mutu wa apongozi unali utagweranso pansalu.

Atelala anaimitsa dala phazi. Maso a mkuluyo anatseguka. Anapalasanso. Anatsekeka. Atelala anachita zimenezi kangapo, kenaka anasiya zonse nakakhala pansi pafupi ndi apongozi awo.

"Bambo, ndikufunseni. M'chipinda chija mumasowa chiyani?"

"Palibe, mwana wanga. Chipinda chabwino ngati cha bwana."

"Ndiuzeni zoona, bambo. Ine ndine mwana wanu."

Mkuluyo anatola kachidutswa ka nsalu nayamba kukapinda ndi zala. Anayankhula chapansipansi. "Chibadwire changa sindinagonepo ndekha. Ndili mwana tinkagona ambiri, uyu phazi pakhosi pa mnzake. Nditakula, amayi anu aja. Ankapuma ngati akukoka thumba pansi, ndipo ndinkawanena nazo. Lero ndikatseka maso ndimamvetsera, ndimamvetsera, osamva munthu. Kwathu wogona yekha chitseko chotseka ndi amene abale amutaya mtima, akungodikira tsiku. Ndiye ndinkati, kapena ana awa aona zimene ine sindikuziona."

Atelala anagwira pakamwa. Kenaka, misozi ili m'maso, anayamba kuseka.

"Bambo, mukukumbuka nditabwera kwanu koyamba, ndili mtsikana? Munandigoneka pakati pa alamu anga ndi ana awo, nyali ikuyaka, wina akutsokomola, wina akuyankhula kutulo. Masiku onse aja sindinaone tulo. Ndinkalira mwakachetechete kuti anthu awa andipeputsa, andimana ndi chipinda chomwe."

"Ha! Tinakuikani pakati penipeni, malo a mlendo wokondedwa!"

"Inenso ndinakupatsani chipinda cha kumapeto, malo a mkulu wolemekezeka."

Anayang'anana, mkuluyo n'kupukusa mutu, akuseka mpaka kutsokomola.

Madzulo ake dalaivala atafika anapeza akazi ake atagwira sikuludiraiva.

"Chotsani chitseko ichi, bambo a ana."

"Chitseko chomwe munandivutitsa nacho chija? Mwadwala kodi?"

"Inu ndiye wodwala. Zaka zonsezi osandiuza kuti kwanu simugona nokha?"

"Ine ndimagona paliponse, amayi. Ndikanadziwa bwanji? Pa siteji ndimagona chiwongolero chili pachifuwa."

Chitseko chinachoka, anakachiimika kuseri kwa nyumba. Ana awo awiri aamuna anasamutsira mabedi awo m'chipinda cha agogo awo, ndipo anauzidwa kuti zonyang'ama zatha. Atelala anabwereka makina ena akale nawaika m'kakhonde ka m'kati, kuti ntchito yotsala masana azimalizira pamenepo chakumadzulo. Mkuluyo ankagona makinawo akulira, ana akukangana za bulangete.

Nkhani ya basi sinamvekenso. Masaya anabwerera. Poti paunyamata wawo anali wosoka nsapato, anayamba kuthandiza kushopu, kusokerera mabatani ndi ulusi wopaka phula, olimba moti malaya ankatha batani lili chilili. Alamu aja atabwera kudzaona, anapeza bambo awo onenepa, akukalipira wometa kuti wawadula ndevu mokhota. Anadya, anatsanzika, ndipo mmodzi wa iwo pochoka anagwira dzanja la Atelala nthawi yaitali.

Mkuluyo anakhala nawo zaka zambiri, mpaka ana aja anamera ndevu. Anamwalira m'mawa wina, m'nyumba muli phokoso la makapu ndi la mdzukulu wofuna nsapato yake, monga momwe iwo ankakondera.

Atelala tsopano ndi okalamba, maso sakuonanso diso la singano. Iwo mpaka lero tulo tawo ndi ta mdima ndi chete, ndipo mpongozi wawo wamng'ono, mkazi wa mwana wawo woyamba, amadziwa zimenezo. Pa tsiku limene anasamukira kwa anawo, mtsikanayo anawagwadira nafunsa kuti, "Amayi, kwanu mumagona bwanji? Chitseko titseke kapena tisiye?" Atelala anamuyang'ana, nakumbukira mulu wa nsalu uja ndi lamba woduka.

"Tseka, mwana wanga," anatero. "Koma usiye kampata pang'ono, ndizimva kuti mulipo."