Amayi a Dobadoba Amakhala Kuti?

Anandilanda pasipoti. Panalibe mpeni, panalibe mbama. Ndinaipereka ndekha ndi manja awiri, nditagwada pa kapeti m'nyumba mwawo ku Soshanguve, ndipo potuluka ndinathokoza.

Anandilandawo anali bambo ena a kwathu ku Ntcheu, amene anabwera ku Joni ine ndisanabadwe. Aliyense ankangowatchula kuti Abambo. Anali mkulu wa mpingo, anali ndi galimoto yoyera ndi mimba yoyenerana ndi galimotoyo, ndipo ankati amadziwana ndi anthu a m'maofesi a mapepala. Kwathu munthu wotere timati dobadoba, koma dobadoba akamavala jekete Lamulungu dzinalo limamuchoka.

Ine ndinali nditasiya koleji m'chaka chachiwiri. Amalume amene ankandilipirira fizi anadwala, ndalama inaduka, pemiti ya sukulu inatha. Abambo anati akandipezera pemiti ya ntchito. Anatenga pasipoti, anatenganso ndalama yonse imene ndinasunga pogwira maganyu a m'maluwa ku Garsfontein. Amalume atamwalira sindinapite kumaliro. Ndikanadutsa bwanji pa malire? Nyimbo za maliro ndinazimvera pa foni, nditakhala pa ndowa yovundikira m'kachipinda kanga ka malata.

Loweruka lililonse ndinkapita kwa Abambo. Ndinkavula kapusi pakhomo, kugwada, kufunsa za moyo wa m'nyumba monse, kenako n'kufunsa za pasipoti ngati ndine amene ndalakwa.

"Mwana wanga, za boma sizithamanga," ankatero. "Wamwa tiyi koma?"

Ndinkamwa tiyiyo. Ndikatuluka ndinkadzitukwana mpaka pa siteji ya matekisi. Ndikaona galimoto ya polisi ndinkalowa m'sitolo n'kumafunsa mitengo ya zinthu zimene sindikanagula.

Ganyu ya ku Rosslyn ndinaipeza kudzera mwa mnzanga wa ku Zimbabwe. Inali fakitale yopanga mafelemu a mipando ya galimoto, ndipo ine ndinkanyamula zitsulo ndi kusesa. Ankalipira pamanja Lachisanu osafunsa mapepala. Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi anthu a ku Vietnam. Anabwera gulu kudzaika makina atsopano owotcherera zitsulo, amuna aafupi ovala maovolosi ofanana, ndipo mkulu wawo anali munthu wa imvi zochepa ndi manja odzaza zipsera za moto.

Funso lake loyamba kwa ine linali la zaka zanga. Dzina sanafunse. Ndinakwiya, ndinaganiza kuti akundiyesa mwana. Pambuyo pake ndinamva kuti kwawo sungayambe kulankhula ndi munthu usanadziwe ngati ali mkulu kapena mng'ono wako, chifukwa mawu omuitanira amatengera pamenepo. Atamva zaka zanga anagwedeza mutu ngati wandiika pa shelefu yanga. Kuyambira tsikulo ankandiitana kuti Malawi. Ine ndinkati Ankolo.

Ndine munthu wovuta kugoma. Koma anthu aja ndinkawayang'ana mpaka folomani kundikalipira. Wina akawotcherera zitsulo ziwiri, msoko wake unkaoneka ngati wolukidwa ndi singano. Ankanjuta pansi zidendene zitagunda simenti, n'kukhala choncho nthawi yaitali osadandaula mawondo. Nthawi ya nkhomaliro ankayala makatoni, aliyense n'kuika mbale yake pakati, mpunga, masamba owiritsa, tinsomba ta mchere wambiri, onse n'kumatola paliponse ndi timitengo. Akatha kudya ankagona pa makatoni omwewo, kapusi kumaso, makina akulira mbali inayo, ndipo ankadzuka onse pamodzi popanda wowadzutsa. Ine ndinkadya buledi wanga kuseri kwa mulu wa zitsulo. Tsiku lina Ankolo anabwera, anandilanda buledi uja, anakamuika pakati pa mbale zawo. Ndinalondola buledi wanga. Kulowa m'gulu lawo ndinalowa choncho.

Tinkalankhulana ndi Chizungu chothyokathyoka, manja, ndi foni yawo imene inkamasulira. Ndinawafunsa kuti anafika bwanji kuno, dziko lakutali chotere. Anandiuza zonse. Viza inatuluka iwo asanakwere ndege. Anayezedwa kuchipatala kwawo komweko, anaphunzitsidwa mawu ochepa a Chizungu ndi mmene angawolokere msewu wa kuno. Pa bwalo la ndege panali munthu wowadikira. Nyumba anaipeza ili ndi mabedi ndi mpunga. Wina anatulutsa pasipoti yake m'kathumba ka pulasitiki kamene ankakamangirira m'chiuno mkati mwa ovolosi, anandionetsa chidindo chake. Ndinachiyang'ana ngati mmene wanjala amayang'anira nyama ya pa windo la butchala.

Zaulere sizinali. Anati aliyense anasiya ngongole kwawo, ena anapinyolitsa munda. Ankolo anandionetsa zithunzi za mudzi wawo: nyumba zopyapyala, zazitali, zosanjikana katatu, zitaima m'mbali mwa minda ya mpunga. Ankaloza imodziimodzi. Iyi mwana ali ku Japan. Iyi ali ku Korea. Iyi ali ku Taiwan. Mudzi wonse unali ndi nkhalamba ndi tiana tokha, ndipo nyumba iliyonse inali ndi dziko lake. Ine ndinaganiza za kwathu, kumene tonse timathamangira msewu umodzi wa ku Joni ngati mbuzi za khola limodzi.

"Malawi, yako ili kuti?" anafunsa amene anandionetsa pasipoti uja.

Ndinawauza. Ndinayembekeza kuti aseka kapena andimvera chisoni, ndipo zonse ziwirizo ndinali nditakonzeka kuzikwiyira. Koma anayamba kulankhulana mofulumira m'chinenero chawo chokwera ndi kutsika. Kenako Ankolo analankhula mu foni n'kundipatsa kuti ndiwerenge.

"Amayi a munthu ameneyo amakhala kuti?"

"Amayi awo? Eish, Ankolo, munthuyo ndi wamkulu, ali ndi zidzukulu."

"Amayi alipo?"

"Alipo. Kwathu. Mudzi woyandikana ndi wathu."

Ankolo anamenya ntchafu yake. Wina anagwa chagada pa katoni ndi kuseka. Wachinyamata wina anandiloza ndi timitengo take n'kunena m'Chizungu, "Malawi, mutu waukulu, koleji, koma wopusa!"

Anandifotokozera pang'onopang'ono, foni ikuyenda uku ndi uku. Kumudzi kwawo palibe amene amapereka pasipoti kwa munthu wopezera anthu ntchito kunja ngati sakudziwa khomo la amayi ake. Ofesi imatha kutsekedwa, nambala ya foni imatha kusintha, koma mayi wokalamba sasamuka. Nthawi ina, anati, wopezera anthu ntchito wina anasiya anyamata a m'mudzimo m'dziko la eni opanda mapepala. Amayi a anyamatawo sanapite kupolisi. Anapita kunyumba kwa amayi a munthuyo, anapereka moni, anakhala pansi, anamwa tiyi. Mawa anabweranso. Sanatukwane, sanakweze mawu. Mudzi wonse unkadutsa n'kumaona. Mapepala anatuluka.

"Iwe ukupita wekha kwa munthu wamkulu," anatero Ankolo. "Iwe mwana, iye bambo. Ugwada. Tumiza wamkulu kwa wamkulu wake."

Ndinakhala nazo masiku angapo. Amayi anga ankadziwa kuti sukulu inaima, koma za pasipoti sindinawauze. Ndinkati ndi nkhani ya amuna, ya m'tauni, imene mayi wogulitsa tomato pa msewu sangaimve. Ndinawaimbira Lamulungu masana.

Anamvetsera osandidula. Kenako anati, "Ukunena mwana wa mayi aja a kuseri kwa chigayo? Amene anawamangira nyumba ya malata ofiira?"

"Omwewo."

"Ndiye iwe maliro a amalume ako unalephera chifukwa cha ameneyo? Ife kuno kumati mwana watha nzeru ndi Joni?"

"Amayi, ndimaopa kukudandaulitsani."

"Chete. Wandidandaulitsa kale. Usapitenso kunyumba kwakeko."

Zotsatirazo ndinkazimva madzulo aliwonse kwa mlongo wanga, amene ankaseka mpaka kulephera kulankhula. Amayi anapita kunyumba kwa amayi a Abambo ndi anzawo awiri a kutchalitchi, aliyense atasenza lichero ndi thumba la mtedza wosasenda. Anaodira, anapereka moni, anati angobwera kudzacheza. Anakhala pa khonde n'kuyamba kusenda mtedza wawo. Kwathu mlendo sathamangitsidwa ndipo sachoka ndi njala, choncho agogo aja anagwira nkhuku. Mawa lake anabwera asanu. Nkhuku ina. Tsiku lotsatira khonde linachepa, ena anayala mphasa pabwalo, ndipo anthu opita kuchigayo ankachedwetsa mapazi kuti aone ngati pagwa maliro.

Agogo anapirira mpaka kupirira kunatha. Anafunsa, "Kodi anzanga, kwagwanji?"

Amayi anati, "Palibe, Agogo. Mwana wanga ali m'manja mwa mwana wanu ku Joni. Ndiye ndati ndizikhala pafupi ndi inu, poti inu ndi amene mumamva za kumeneko msanga."

Nditawauza a ku Vietnam za nkhuku zija, ntchito inaima. Kwawo zinali za tiyi chabe. Ankolo anapukuta misozi ndi kapusi, n'kumabwereza, "Nkhuku! Malawi, amayi ako ndi jenerali!" M'mawa uliwonse ndikamalowa pageti ankandifunsa ndi zala kuti zatsala zingati.

Ine kuseka ndinkaseka, koma m'kati ndinali ndi mantha ena, a mtundu umene umakugwira ukaona mtsinje utadzaza. Mayi amene ndinkamuyesa wosadziwa za dziko anali atagwira munthu wa galimoto yoyera pakhosi, ali kutali, ndi lichero la mtedza. Ndipo nzeruyo inachokera kwa anthu a tsidya lina la nyanja, amene sankatha n'kutchula Ntcheu.

Abambo anandiimbira foni ndili pa ntchito. Chiyambire anali asanandiimbirepo.

"Iwe mwana, wawauza chiyani amayi anga?"

"Ine sindinalankhule nawo, Abambo."

"Akulira! Akuti ndawavula pamudzi! Nkhani ya ife amuna ukuitengera kwa azimayi?"

"Za kumudzi sizithamanga, Abambo," ndinatero. "Mwamwa tiyi koma?"

Anadula. Mawa lake nthawi ya nkhomaliro galimoto yoyera inaima pageti la fakitale. Sanatsike. Anatsitsa galasi n'kunditambasulira envelopu. Nditacheuka ndinapeza gulu lonse la a ku Vietnam litanjuta m'mbali mwa mpanda, mbale m'manja, likudya n'kumawayang'ana Abambo mwakachetechete. Palibe anawaitana. Ndinatsegula envelopu pomwepo, ndi dzanja limodzi, nditaimirira. Pasipoti inali momwemo mmene ndinaiperekera. Munalibe chidindo chatsopano ngakhale chimodzi. Inkanunkha kabati.

"Nanga ndalama?"

"Inalowa m'maofesi," anatero, galasi likukwera.

Ankolo anaitenga pasipotiyo, anaitembenuza, anayerekeza chithunzi ndi nkhope yanga. Kenako anamasula kathumba kake ka pulasitiki m'chiuno, anatulutsa yake n'kuiika m'thumba la malaya, kathumbako n'kundimangirira ine. Anakoka chingwe mwamphamvu mpaka ndinabuula.

Makina atatha kuikidwa anapita. Ena kwawo, ena dziko lina kumene viza inali itawadikira kale. Ine pemiti ndilibe mpaka lero. Koma ndikafuna kupita kwathu ndingathe, ndipo manda a amalume ndikawaona.

Ndinawapempha Amayi kuti abwererenso pa khonde paja chifukwa cha ndalama. Anakana.

"Pasipoti ndi munthu, ndinakatenga mwana wanga," anatero. "Koma sindingamalize nkhuku za nkhalamba chifukwa cha ndalama. Mayi uja sanakubere. Ndipo tsopano ndi mnzanga, tikumasenda limodzi."

Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Abambo akadali mkulu wa mpingo, galimoto asintha, ndipo akandiona pa siteji amayang'ana kumbali. Ali nane ngongole ya marandi zikwi zisanu ndi ziwiri.