Njinga Yomwe Ndinaiviika mu Asidi

Chaka chomwe ndinkafunsira mbeta ku Magodi ndinali mphunzitsi wa sayansi pa Lundazi, wochokera ku Chipata, ndiponso wodzimva kwabasi. Bambo a mtsikanayo anali mlimi wa fodya amene ankayesa munthu poyang'ana njinga yake. Ankati mwamuna wolephera kusamala tcheni sangasamale mwana wa eni. Anyamata awiri anali atabwezedwa kale pa chifukwa chomwechi, ndipo njinga yanga inali psuu ndi dzimbiri.

Mchenga ndi phulusa zikanatha ntchitoyo, koma ine pajatu ndinali wophunzira. Ndinamasula mahandulo ndi masipuling'i a chishalo, n'kuziviika masiku awiri m'beseni la asidi wa batire wosakaniza ndi madzi. Tithovu titayamba kukwera, ndinaitana mphunzitsi mnzanga, yemwe analinso thenga wanga wokandilankhulira kuchikwati, kuti adzaone ndi maso mpweya wa hayidirojeni womwe ndinkangoulemba pabolodi. Dzimbiri lonse linachoka, ine n'kusangalala ngati ndakwatira kale.

Ndinaiwala kuti si mpweya wonse umene umakwera m'mwamba. Wina umalowa m'chitsulo. Kunyezimira kwa mahandulo kumachokera ku timiyalo ta zitsulo zina tosanjikizana, topyapyala kuposa khungu la anyezi, ndipo mpweyawo ukaunjikana kunsi kwake umatitukula. Sipuling'i nayo imauma n'kumathyoka ngati phesi. Zonsezi zinali m'buku langa lomwe.

Loweruka m'mawa mahandulo anali atatuluka matuza. Ndinawakulunga ndi mphira wa chubu, tinanyamuka.

Titafika ndinakhala patali pansi pa mtengo wa mango, chipewa pabondo, mnzanga n'kumalankhula monga mwa mwambo. Mkuluyo sanataye nthawi ndi nkhope yanga. Anazungulira njinga, anapukusa tcheni, kenako anatukula mphira uja ndi chikhadabo, kachitsulo konyezimira n'kuwamata pachala. Atatero anangokwera njingayo. Asanafike pakhola la ng'ombe sipuling'i inathyoka, chishalo chinapendekeka, iwo n'kutsetsereka mpaka kukhala pafumbi. Mtsikana uja, yemwe ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe, anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinachita mantha enieni, ndinadziwa kuti mkazi wapita.

Atadzisansa, mkuluyo anafunsa m'Chitumbuka kudzera mwa thenga chomwe njingayo inaona. Mnzanga anandinong'oneza kuti tinene kuti ndinaigula yotero, koma manyazi anali atandikwana kale moti bodza linalibe pokhala. Ndinafotokoza zonse, beseni, asidi, ngakhale kunyadira kwanga kwa tithovu tija. Anafunsanso ngati mpweya ungalowedi m'chitsulo chopanda bowo, ndipo nditavomera anatembenuzatembenuza sipuling'iyo m'manja, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya Chitumbuka, analankhula nane mwachindunji m'Chinyanja kuti ndimve ndekha, ngakhale mawu oti aphunzitsi anawatchulabe m'chikwawo.

"Basambizgi, awili aja ananamizila ogulitsa njinga. Imwe mwaononga nokha, mwavomela nokha. Mwana tengani. Koma njinga yanga musaigwile, olo kuipukuta."

Tinabwerera wapansi tikukankha njinga, mnzanga akunditukwana njira yonse, ine ndikungomwetulira.

Apongozi angawo anandikonda kwambiri mpaka tsiku lomwe anatisiya. Ndikafika pamudzi ankandilandira ndi manja awiri, n'kulamula kuti andiphere nkhuku. Akatero ankanyamuka mwakachetechete kukalowetsa njinga yawo m'nyumba.